Anati ndamusempha mwana wanga

Abusa, amayi busa, akulu a mpingo, abale ndi alongo nonse, landirani moni m'dzina la Yesu. Mundikhululukire, ine kutsogolo kuno sindinaimepo chibadwire. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, zoyankhula pagulu sindizidziwa. Koma nkhaniyi yandikhala pakhosi nthawi yaitali, ndiye lero ndati ndiime ndichitire umboni. Ndinene zimene Mulungu anandichitira, ndinenenso zimene anthu anandichita. Zonse ziwiri. Abusa ndinawapempha kale, anati nenani, koma maina musatchule.

Kwa amene simundidziwa, ine ndine amake Limbani, timakhala kumtunda kuno ku Ndirande, nyumba ya lendi. Kwathu ndi ku Phalombe. Amuna anga kwawo ndi ku Nsanje, amanyamula katundu ku Makata. Limbani ndi mwana wathu woyamba.

Mwanayu anabadwa bwinobwino, wonenepa, kusikelo ankachita kumuyamikira. Atangoyamba kukwawa, tsiku lina ndinaona manja atupa. Tizala tonse tatupa, kuseri kwa dzanja kwafufuma ngati mandasi, mapazinso chimodzimodzi. Ukamukhudza, kulira kwake sikunali kwa njala ayi, kunali kulira kouma, kolowa m'mutu. Ndinathamanga naye ku kachipatala kolipira ka kufupi ndi kwathu. Anamubaya pachala, anati malungo, anandipatsa mankhwala. Kutupa kunaphwa. Patapita masabata kunabweranso. Ndinapitanso, anati malungo. Ndinapitanso, anati malungo, komanso magazi achepa. Aneba anati muwiritsireni masamba a mapeyala, amaonjezera magazi. Abale anga, ndinawiritsa masamba a mapeyala mpaka mtengo wa alandilodi unatsala mbali imodzi. Kukachipatala kuja ndinafunsako kamodzi kuti kodi malungo ake ndi otani otupitsa manja. Anandifunsa kuti dokotala ndi ine kapena iwo.

Ndiye amuna anga anaimba foni kumudzi, apongozi anga aakazi anabwera. Asanamwe ndi madzi omwe anamutenga mwana, anatembenuza manja, anayang'ana mapazi, kenako anayang'ana ine. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

Anati, "Amake Limbani, awa si malungo. Mwanayu wasemphedwa."

Achinyamata ena mwina simudziwa. Tsempho akuti ndi pamene mmodzi mwa makolo wagona kunja kwa banja mwana akadali wamng'ono, ndiye mwanayo amatupa, amatha kufa kumene. Mmodzi mwa makolo, mwamva? Makolo timakhala awiri. Koma apongozi mwana wawo sanamufunse funso ndi limodzi lomwe. Anangoti uyu ndinamulera ndine, ndimamudziwa. Wotsala ndani? Ine. Chifukwa ndinkagulitsa mandasi pasiteji, chifukwa makondakitala amanditi sisi ndipo ine ndimaseka kuti agule. Umboni wawo wonse unali umenewo.

Kuyambira tsiku limenelo anandiletsa kuthira mchere m'ndiwo. Akuti mkazi wotentha akathira mchere amadula onse a m'nyumba. Kabotolo ka mchere anakatenga n'kukasunga m'chikwama chawo. Ine ndiphike, ndikazinge tomato, ikafika nthawi ya mchere ndipite ndikagwade, amayi ndiwo zafika pothira mchere. Iwo n'kudzuka pang'onopang'ono, n'kudutsa pabwalo kabotolo kali m'manja, osafulumira. Inu nyumba za lendi mukuzidziwa, timaphikira panja, mbaula kuyang'anizana ndi mbaula. Papuloti lonse panalibe mayi amene sanadziwe tanthauzo lake. Sanachite kuuzidwa. Ndikafika pampope, nkhani zinkathera pomwepo, anthu n'kumayang'ana zidebe zawo.

Ndipo nkhaniyo inafika muno. Eya, muno. Amayi ena a mpingo uno anabwera kudzatipempherera, ndipo ndikuthokoza kuti anabwera. Koma popemphera ine maso sindinatseke, chifukwa mwana anali pamiyendo. Mwanayo sanamugwire ndi mmodzi yemwe. Pemphero lonse linali la mzimu wa chigololo, mzimu wa chigololo utuluke m'nyumba muno, manja onse atalozetsa kwa ine. Atatha ndinawapatsa tiyi ndi mandasi. Tiyi anamwa, mandasi anasiya, poti m'mandasi mumalowa mchere. Ndinaona. Ine ndimaona zinthu, kungoti sindiyankhula.

Amuna anga? Akaweruka kuntchito ankakhala pakhonde mutu uli pansi. Ndinawalumbirira Baibulo lili m'manja kuti mwamuna wina sindimudziwa. Anati amayi ndi akulu, amadziwa zinthu.

Kenako apongozi anagamula. Anati mankhwala a tsempho alipo kumudzi, koma sagwira ntchito mpaka wolakwa atchule dzina la amene anagona naye. Ndikapanda kutchula pofika Loweruka, mwana amutenga apite naye ku Nsanje, ine nditsale. Ndinati amayi, mwanayu akuyamwa. Anati mkaka umenewo ndi umene ukumupha. Ndinati kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Anati kwathu tinalowola, ndipo amalume anu analandira ndi manja awiri.

Abale anga, mumvetse pamene ndinafika. Mwana anali atayera, milomo yoyera, maso achikasu, bere akungoligwira n'kulisiya. Ndinayamba kusankha maina m'mutu. Ndinkati nditchule kondakitala uti, woti sangamupeze, kuti mwina mankhwalawo amupatse mwana wanga akhale moyo. Munthu wosalakwa kumafunafuna tchimo loti avale. Apo ndi pamene anandifikitsa.

Pampope pathu pamatunga mayi wina wachisilamu, amuna awo ndi atelala kumsika, timangowatchula kuti Abiti. Sitinkachezerana kwenikweni, moni basi. Lachitatu la sabata imeneyo, anthu atandipatuka monga mwa masiku onse, iwo anabwera, anati tamutsitsani mwanayo. Anamugwira. Chiyambireni nkhani ya tsempho, munthu woyamba wapadera kumugwira mwana wanga anali iwowo. Anatsitsa chikope, anayang'ana m'kati mwa dzanja, anafunsa ngati kutupako kumabwera n'kupita, makamaka kukazizira. Ndinati eya. Anati mwana wawo wachiwiri anayamba chomwecho, pano ali pasukulu.

Anati, "Achemwali, uku si kusemphedwa ayi. Ndi nthenda ya magazi, amati sikoselo. Kuchipatala chachikulu kuli kiliniki yake, ndipo tsiku lake ndi mawa. Musadikire Loweruka. Mmene ndikumuoneramu, Loweruka safika."

Dzinalo ndinalibwereza njira yonse kuti ndisaiwale. Sikoselo, sikoselo, chidebe chili pamutu.

M'mawa mwake ndinauza apongozi kuti ufa watha, ndikupita kuchigayo. Anafuna kuti mwana ndimusiye, koma iye anayamba kulira kwake kuja, iwo anati mutengeni, mutu ukundiwawa. Ndinasenza chimanga, ndinachisiya kuchigayo osagayitsa, ndalama ya chigayo ndinakwerera minibasi. Njira yonse ndinkacheuka, njinga iliyonse ndinkati ndi amuna anga. Ndinkaika chala pamphuno pa mwana kuti ndimve ngati akupuma, ndichotse, ndiikenso.

Kuchipatala kuja ndi makonde okhaokha. Ndinafunsa apa, ndinafunsa apo, mpaka ndinafika pakhonde la mabenchi pamene ana a nthenda za magazi ndi ana a khansa amadikirira limodzi. Zotere ndinali ndisanazione. Ana opanda tsitsi, opanda ndi nsidze zomwe. Wina tsaya latupa mpaka diso latsekeka. Wina mimba yaikulu, miyendo ngati bango. Amayi awo anyamula mafulasiki ndi mabeseni, akudziwana, akufunsana kuti wanu wagona bwanji, wina wochokera ku Mwanza, wina ku Thyolo. Koma ndinaona chinthu chimodzi. Panalibe amene ankayang'ana mnzake ngati wolakwa. Mayi wa mwana wa tsaya lotupa uja anasuntha n'kundipatsa malo.

Patebulo panali bambo wolemba maina. Itafika nthawi yanga anandifunsa kalata yochokera kuchipatala chaching'ono cha boma. Ndinati ndilibe. Anati ndiye mwadumpha, kuno munthu sangobwera yekha, bwererani akakulembereni, mubwere sabata ya mawa. Ndinati bambo, tangomuyang'anani. Sanadzutse mutu. Anangoti wotsatira. Ndikudziwa kuti ndi lamulo lawo, ndikudziwa kuti anthu ndi ambiri ndipo munthu amatopa. Koma kudzutsa mutu kokha? Mwana ali pamphuno pake penipeni, akupuma ngati kankhuku konyowa, iye maso ali pa bolopeni.

Ndinabwerera pabenchi. Kunyumba sindikanapita, kunyumba kunali basi ya ku Nsanje. Ndinangokhala, misozi ikugwera pamutu pa mwana. Mayi wondipatsa malo uja anasuzumira m'nsalu, anangodzuka. Anasiya malo ake pamzere, malo oti anawalawirira, n'kukaima pakhomo pa chipinda mpaka sisitala anatuluka, ndiye anamukoka mkono. Sisitala wake wamfupi, wa magalasi. Anatambasula kadzanja ka Limbani, anaona m'kati. Kalata sanandifunse, dzina sanandifunse. Anamulanda m'manja mwanga n'kuyamba kuthamanga, ine pambuyo, patapata imodzi inatsala pakhonde pomwepo.

Atamuyeza anati magazi atsala pang'ono kwambiri, ayenera kuikidwa ena lero lomwe. Ndinati tengani anga, tengani onse. Anati ayi mayi, mukuyamwitsa, ndipo magazi amachokera kosungira, tidikire apezeke ogwirizana naye. Anamugoneka pabedi limodzi ndi mwana wina, uyu kumutu uyu kumiyendo, anamuika kapaipi ka mpweya m'mphuno. Tinadikira. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka. Ine maso ali pakhomo, aliyense wodutsa ndi kabokosi ndinkaimirira, n'kukhalanso pansi. Pemphero langa linali mawu awiri basi, Yesu musamutenge, Yesu musamutenge. Ena onse anali atandithera.

Thumba la magazi litafika analipachika, ine ndinagwada pambali pa bedi kuyang'ana madontho. Ndinaona ndi maso angawa milomo ikusintha, kuchoka poyera ngati ufa, kubwera pofiira. Kenako anatembenuza mutu kufuna bere. Anayamwa, abale anga. Anayamwa mpaka kundiluma.

Nthawi yoona odwala itakwana, ndinamva mawu a apongozi asanalowe n'komwe. Abiti ndi amene anawauza kumene ndili, ataona kuti akufuna kupita kupolisi. Analowa m'wodi akulalata, wakuba mwana, hule, pamaso pa anthu onse, amuna anga ali pambuyo pawo. Ataona thumba lija anatambasula dzanja kuti azule kapaipi, akuti magazi a munthu wosadziwika salowa mumtundu mwawo. Ndinagona pamwamba pa mwana. Ine wamantha uja, wogwada uja, ndinagwira dzanja la apongozi anga n'kulikankha. Pa chimenecho sindinapepese ndipo sindipepesa.

Sisitala anabwera, sanakalipe. Anatitengera tonse m'kachipinda, apongozi anawapatsa mpando. Anamvetsera nkhani yonse ya tsempho mpaka kumapeto, osawadula mawu. Atatha anati chabwino agogo, tsopano tiyeze magazi a bambo ndi a mayi. Amuna anga anakana. Ankaganiza kuti ndi zoyeza kachilombo, thukuta lili kamukamu. Ndinaona. Za thukuta limenelo tinakambirana kunyumba, si za muno. Koma amene anawakankha ndi apongozi omwewo, poti iwo ankaganiza kuti makina aonetsa kuti mwanayo ndi wa mwamuna wina.

Anati, "Pereka mkono, iwe. Zioneke poyera, tione kumene abisale."

Zotsatira zinatuluka mawa lake. Anatiitananso m'kachipinda momwe muja. Sisitala anafotokoza pang'onopang'ono, ngati akuuza ana. Anati m'magazi muli timbewu tozungulira, koma ta Limbani timapindika ngati nthochi, ndiye timakodwa m'mitsempha, n'chifukwa chake amatupa ndi kumva ululu, ndipo timafa msanga, n'chifukwa chake magazi amamuthera.

Anati, "Nthendayi mwana saitenga kwa kholo limodzi. Imachita kukumana, mbali ina kwa mayi, mbali ina kwa bambo. Mayiwa mbewu yake ali nayo, bambowanso ali nayo. Sadwala, koma anabadwa nayo. Palibe amene anakaitola kunja." Kenako anatembenukira kwa apongozi. "Agogo, bambowa anaitenga kwa makolo awo. Kwanu kunalibe ana otupa chonchi ali aang'ono?"

Amene anayankha ndi amuna anga. Anati, "Amayi, nanga achimwene awiri aja?"

Ine sindinkadziwa. Apongozi anaikapo ana awiri amuna anga asanabadwe, onse otupa manja, onse a maso achikasu. Ndipo ali chiweramire, ndi mawu aang'ono, ananena okha kuti nawonso anawanena tsempho. Anawamenya mpaka anatchula dzina la msodzi wina woti sanagwiranepo naye ndi chanza chomwe. Mankhwala anawamwetsa anawo. Anapitabe, onse awiri.

Mwina mukuganiza kuti ndinawamvera chisoni. Chisoni chinabwera, koma chinachedwa. Chimene chinayamba ndi mkwiyo. Munthu woti anadutsamo, akudziwa kuti dzina lija linali labodza, akudziwa kuti mankhwala aja sanagwire, n'kubwera kudzandiveka ine zomwezo? Kudzandipempha ine dzina? Mwana wanga akanakwera basi ya ku Nsanje, kutentha kuja, wopanda bere, wopanda magazi, akanakafika? Tandiuzeni inu, akanakafika?

Ndipo musaganize kuti zinathera m'kachipinda muja. Titatuluka pakhonde apongozi anakonza mpango wawo, anati zachizunguzo tamva, komabe mwana akatuluka apite kumudzi akamusambitse, zinthu zimayenda ziwiriziwiri. Ndinayang'ana amuna anga. Chikwatiranireni ndinali ndisanawamvepo akutsutsa mayi awo ngakhale pa nkhani ya ndiwo. Mumtima ndinati basi, zatha, ndikayang'ane khomo lothawira.

Kenako amuna anga anati, "Amayi, achimwene anapita awiri. Uyu sapita kulikonse. Akhala ndi mayi ake, kufupi ndi chipatala."

Loweruka apongozi anakwera basi okha. Pepani sananene mpaka lero. Ndinawakhululukira, abusa anandithandiza, koma ndimachita kukhululuka mwatsopano m'mawa uliwonse, chifukwa pofika madzulo zimakhala zabwereranso.

Sindikunamizani kuti mwanayu anachira. Nthendayi sichoka. Mwezi ndi mwezi timapita kukiliniki, timakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka njala. Mankhwala ake ndi a tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi zina tikafika pawindo amati atha, kaguleni. Kukazizira ndimamuveka majuzi awiri, madzi ndimamumwetsa ngati ndikuthirira dimba. Akangotentha thupi sindifunsa munthu, ndimabereka n'kumapita. Tinagonekedwanso kangapo. Bambo wa patebulo uja alipobe, pano amandidziwa, ndipo ndikaona mayi wachilendo akubwezedwa mwana ali woyera, amene amakaima pakhomo pa sisitala ndimakhala ine. Mayi wa mwana wa tsaya uja ndinasiya kuwaona. Sindidziwa kuti zinatha bwanji, ndipo dzina lawo sindinafunse. Muwapempherere, Mulungu akuwadziwa.

Amayi anzanga, ndikupempha chimodzi. Mukaona mwana watupa manja, musayambe n'kuyang'ana mayi ake. Yang'anani mwanayo. Munyamuleni, mutsitseni chikope, muwauze njira ya kuchipatala. Za mzimu wa chigololo mudzapemphere mwana atayamwa.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandimva anthu onse atatseka makutu. Ndikuthokoza chifukwa cha Abiti, amene satchalitcha muno koma anatumidwa. Ndikuthokoza chifukwa cha sisitala wa magalasi uja, ndi chifukwa cha munthu amene anapereka magazi ake osadziwa kuti akupatsa ndani. Kaya ndi mwamuna, kaya ndi mkazi, kaya amapemphera kuti, Ambuye amudalitse kumene ali.

Mukumumva amene akugubuduza botolo pansi pa benchi kumbuyoko? Amene adikoni mumamutulutsa sabata iliyonse chifukwa cha phokoso? Limbani ndi ameneyo. Lero musamutulutse, adikoni, phokoso limenelo ine ndinachita kulipempha ndi misozi. Imirirani nonse, amene nkhaniyi munkaidziwa ndi amene mwaimva lero, mukondwere nane. Amayi lululutani, abambo ombani m'manja, tisokose kumuposa iyeyo. Dzina la Ambuye lilemekezeke. Amen.